Mpando wa Pawindo

Lachinayi, 9 Julaye.

Sabata yatha ndinanamiza anzanga kusukulu kuti patchuthi bambo atitengera ku Liwonde kukaona njovu pagalimoto yathu. Galimotoyo ndi ngolo yomwe timanyamulira mbatatesi ku Lizulu. Mnzanga Tadala atapempha kupita nawo, ndinamulonjeza mpando wa pawindo.

Dzulo mayi ake anabwera ndi tambala kudzathokoza. "Zikomo abambo, koma mukatseke mawindo, mikango ingandidyere mwana."

Bambo anayang'ana ng'ombe zathu ziwiri zokoka ngoloyo, kenako anayang'ana ine. Analandira tambalayo ndi manja awiri. Tinamudya, ndipo ine ndinapemphanso msuzi.

Mawa ndikamuuza Tadala zoona, nditanyamula thadzi langa lamawanga.