Tsiku Limene Ziuno Zinalowa mu Kompyuta

Ndinafika ku Joni ndili ndi zaka makumi awiri, patangopita chaka anthu onse a m'dzikolo, akuda ndi azungu, atavota pamodzi koyamba. Anandiitana ndi amalume anga, mlongo wawo wa mayi, amene ankagwira ntchito ya ulonda pa fakitale ina ku Brakpan. Tinkakhala ku Wattville, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachisutu. Amalume anali atamva kwa makalaliki a pafakitalepo kuti kutsogoloku munthu wosadziwa kompyuta adzafanana ndi wosadziwa kulemba dzina lake, ndiye anandilembetsa digiri ya makompyuta ndi kayendetsedwe ka bizinesi pa koleji ina kufupi ndi Benoni. Ine kompyutayo ndinali nditangoiona kamodzi kokha ku Lilongwe, posuzumira pawindo la ofesi ina, itafunditsidwa nsalu ngati khanda.

Tsiku loyamba ndinavula nsapato pakhomo la chipinda cha makompyuta, poona kapeti. Anzanga a ku Tembisa anaseka mpaka kugwira nthiti. Mphunzitsi wathu anali mzungu wachibunu, chimunthu chachikulu cha ndevu zofiirira, ndipo anatiuza kuti aliyense alembe pulogalamu yoti makinawo amupatse moni. Ndinalemba mizere itatu ndi chala chimodzi, ndikujompha zilembo ngati nkhuku pa madeya. Nditadina batani, pa sikirini yakuda panatuluka mawu obiriwira akuti, "Muli bwanji achemwali?" Ndinakuwa. Ndinkadziwa ndithu kuti ndalemba ndekha, komabe ndinaiyankha mokweza kuti ndili bwino, kaya inu.

Kuyambira pamenepo ndinali ngati ndalawa kachasu. Disiketi yanga yosungiramo mapulogalamu ndinkaikulunga m'kampango n'kuibisa pachifuwa. Mu takisi zala zinkangogogoda pamaondo, kuyeserera kutayipa, mpaka gogo wina anandifunsa m'Chizulu ngati ndimadwala manjenje. Amalume nawo ankauza aliyense kutchalitchi kuti mphwawo amacheza ndi makina.

M'chaka chachiwiri mphunzitsi uja anatipatsa ntchito yaikulu. Aliyense apeze bizinesi yeniyeni, aonetsetse mmene imasungira zinthu zofunika kuzikumbukira, kenako aipangire pulogalamu. Tsiku loonetsa, mwini bizinesiyo abwere adzanene yekha ngati yamuthandiza. Anzanga anathamangira ku magalaja ndi masitolo akuluakulu a m'tauni. Ine Chingelezi changa chinali chamanyazi, Chizulu chachibwibwi, ndiye ndinangokhala ndwii kunyumba.

"Mphwanga, ukuvutikiranji?" anatero amalume. "Bwanji atelala aja?"

Atelalawo anali bambo wachikulire wa ku Mangochi, Msilamu, amene anagwirako kumigodi ali mnyamata, kenako n'kukhazikika pakhonde la sitolo ya nsalu ku Actonville ndi makina awo opalasa ndi mwendo. Amalawi onse a ku Wattville ankasoketsa kwa iwo. Ndinapitako Loweruka m'mawa, nditanyamula kope latsopano ndi mafunso amene tinaphunzitsidwa m'kalasi.

"Bambo, miyezo ya makasitomala anu mumaisunga pati?"

Analoza pachipumi pawo. Kenako analoza khoma la kumbuyo kwawo. Khoma lonselo linali manambala okhaokha a pensulo, ena opendekeka, ena osanjikizana atatu kapena anayi, ndipo pambali pa mulu uliwonse panali mawu pang'ono.

"Uyu ndani?" ndinafunsa.

"Mayi wa dzino lagolide."

"Nanga uyu?"

"Mayi wa dzino lagolide winayo, wamfupi uja."

Ndinatsala pang'ono kuvina pakhondepo. Sabata yomweyo tinali titaphunzira kuti mu kompyuta munthu aliyense amafunika nambala yakeyake kuti asasokonezeke ndi mnzake, ndiye taonani, vuto la m'buku lija lili pakhoma, likundiyang'ana! Ndinawafotokozera mothamanga, mawu akupunthana mkamwa. Anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya.

"Mwanangu, ine chiyambireni sindinasokerepo munthu malaya a mnzake," anatero. "Koma poti ndi za sukulu, kopera."

Ndinakopera. Pa mulu uliwonse ndinkatenga nambala ya pansi, imene anati ndiyo yatsopano, zinazo n'kuzisiya.

Mwayi wake, masiku amenewo gulu la amayi a kutchalitchi kwathu linali litawapatsa ntchito yosoka yunifolomu zatsopano. Atelalawo ankachita manyazi kuzunguliza tepi m'chiuno mwa akazi a eni, ndiye ntchito yoyeza inagwera ine, iwo akuyang'ana kumsewu n'kumalemba zimene ndikutchula. Masana aliwonse, makalasi akatha, ndinkalowetsa miyezoyo mu kompyuta ya kukoleji: phewa, chifuwa, chiuno, kutalika kwa siketi. Ndinawonjezanso njira yoti atelala azitha kundandalika anthu molingana ndi kukula kwawo, kuti azidula nsalu za ofanana pamodzi. Tsiku limene njirayo inagwira, ndinadina batani limodzi, amayi onse a mpingo n'kufola okha pamzere, kuyambira wa chiuno chachikulu mpaka wochepetsetsa, ndisanaphethire n'komwe. Pamwamba penipeni panali amayi apampando a gululo.

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinadinanso kuti mzere utembenuke, amayi apampando n'kugwera pansi. Ndinadinanso, n'kukweranso. Ndinachita zimenezi mwina kakhumi.

Kulakwa kwanga kunali kuuza amalume. Iwo monyadira anauza mnzawo mmodzi yekha, ndipo Lamulungu lotsatira, mapemphero atangotha, amayi apampando anandikodola. Anali ataima kuseri kwa tchalitchi ndi amayi ena awiri, manja m'chiuno.

"Mwana iwe, tamva kuti ziuno zathu waziika pa wailesi yakanema kusukulu kwanuko."

"Si wailesi yakanema amayi, ndi kompyuta."

"Zimaoneka?"

"Zimaoneka."

"Ndiye ikusiyana pati? Nanga pamwamba pali ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Mmodzi wa amayi awiri aja analephera kudzigwira, anaphulika nako kuseka atatseka pakamwa ndi chitenje. Amayi apampando sanaseke. Anati tsiku loonetsalo abwera okha adzaone ndi maso awo, ndipo akadzapeza dzina lawo likuwala pamaso pa anthu, adzanyamula makinawo pamutu n'kupita nawo kwa abusa.

Lolemba ndinakaulula kwa mphunzitsi. Poyamba anaseka mpaka mpando unalira. Kenako anapukuta m'maso n'kunena kuti amayiwo akunena zoona, miyezoyo ndi yawo, si yanga kapena ya koleji. Anandionetsa mmene ndingatsekere pulogalamu ndi mawu achinsinsi, ndiponso mmene ndingabisire mayina kuti pazioneka manambala okha. Sabata yonseyo ndinali pa zimenezo, chakudya chamasana n'kumachiiwala m'chikwama.

Tsiku loonetsa linali Lachinayi masana. Tinakwera takisi imodzi tonse: ine, atelala atavala mkanjo woyera ndi chisoti, tepi ili pakhosi, ndi amayi atatu aja atavala yunifolomu zatsopano, zitatu zokha zimene zinali zitatha kusokedwa. Mlonda wa pageti la koleji anayesa kuti ndife kwaya ndipo anatilozera ku holo.

M'kalasi munali modzaza. Kompyuta anali atailumikiza ku sikirini yaikulu ya pakhoma. Pulogalamu inayaka bwinobwino n'kufunsa mawu achinsinsi. Atelala anavala magalasi, n'kutayipa mawuwo ndi chala chimodzi monga ndinawaphunzitsira, ndipo pakhoma panangooneka tinyenyezi. Mndandanda utatuluka, amayi apampando ananyamuka, n'kupita kukaima pafupi penipeni ndi sikirini.

"Dzina langa lili pati?"

"Mulibemo amayi. Muno inu ndinu nambala."

"Nambala yanji?"

Ndinawanong'oneza.

"Taonetsa."

Ndinaonetsa. Anawerenga phewa, chifuwa, n'kuima nthawi yaitali pa chiuno. Kenako anatembenukira kwa anzanga a m'kalasi, n'kunena m'Chizulu chawo cha kuntchito kuti, "Kaya ndi ndani ameneyu, koma amadya bwino." M'chipindamo munabuka phokoso. Iwo anabwerera pampando akuyenda ngati mkwatibwi.

Mphunzitsi anafunsa atelala m'Chingelezi ngati pulogalamuyo ingawathandize. Ndinkati nditanthauzire, koma iwo anandibaibitsa dzanja, n'kuyankha m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumigodi. Mphunzitsi anatong'ola maso. Nayenso anakulira pamgodi, ndipo chilankhulocho anali atachisiya zaka zambiri. Anayamba kulakatika awiriwo, ife achinyamata tikungotolako mawu apa ndi apo. Kenako atelala anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kutchula manambala atatu.

"Akuti chiyani?" anandinong'oneza mnzanga wina.

"Akumuuza miyezo yake. Akutinso buluku lakelo analigula asananenepe."

Mphunzitsi anatambasula manja kuti ayezedwe pamaso pa kalasi yonse. Tepi inazungulira, ndipo manambala onse atatu anali omwewo. Ine mwachangu ndinamulowetsa mu pulogalamu, n'kumupatsa nambala yake. Mumtima ndinati basi, ndakhoza, maliki onse ndi anga.

Apo m'pamene atelala anatembenukira kwa ine.

"Mwanangu, bwanayu akadzaonda chaka chamawa, ukalemba muyezo watsopano, wakalewu upita kuti?"

"Ufufutika, bambo. Watsopano ulowa m'malo mwake."

Anapukusa mutu. "Ayi, zimenezo ndiye ayi. Thupi la munthu limapita n'kubwerera. Mayi akakhala ndi pakati ndimamuyezanso, koma akachira amabwerera pakale paja. Wina amadwala, wina amasala kudya mwezi wathunthu. Sunaone pakhoma paja? Wakale sindifufuta, ndimangolemba watsopano pansi pake."

Apo ndinazindikira kulakwa kwanga. Milu ya manambala osanjikizana ija ndinkaiyesa uve wa munthu wosadziwa dongosolo. Ndinatanthauzira kalasi ndi mawu otsika. Mphunzitsi anamenya tebulo ndi chikhatho, ine n'kudzidzimuka poganiza kuti wakwiya, koma nkhope yake inali ikuwala. Anathamangira pabolodi n'kujambula mabokosi awiri, lina la munthu, lina la miyezo yake, muyezo uliwonse ndi tsiku lake, n'kuwalumikiza ndi mzere. Anati limeneli linali phunziro la teremu yamawa, koma bambo awa alipereka kale, ndipo alipereka bwino kuposa buku. Kalasi inaomba m'manja. Amayi atatu aja, amene sanamve n'chimodzi chomwe cha mabokosiwo, anaimba nthungululu mpaka aphunzitsi a m'zipinda zoyandikana anatuluka kudzasuzumira.

Maliki anga anawaimika kaye, ndipo anandipatsa masabata awiri kuti ndikonze. Chodabwitsa n'chakuti sindinadandaule ngakhale pang'ono. Mutu wanga unali ukuwira. Pobwerera mu takisi amayi aja anayambitsa nyimbo, anthu ena okwera n'kumavomera ngakhale mawu sankawadziwa, dalaivala n'kuzimitsa wailesi yake. Ine ndinali pampando wa kumbuyo, kope pamaondo, ndikujambula mabokosi. Ndinkaona paliponse mabokosi awiri ndi mzere: takisi ndi maulendo ake, mayi ndi ana ake, mlonda ndi masiku ake a ntchito. Tinapitirira pamalo potsikira chifukwa aliyense anali wotanganidwa, n'kubwerera wapansi tikuseka.

Ndinapitanso ku Actonville kukakopera manambala onse amene ndinawasiya, atelala akukumbukira kuti uwu unali wa chaka chiti, uwu wa nyengo iti. Pulogalamu ndinaikonza, ndipo ndinakhoza bwino. Teremu yotsatira mphunzitsi analowa m'kalasi atavala buluku lotuwa latsopano, n'kuzungulira kamodzi pamaso pathu asanayambe phunziro. Sipanapite nthawi, aphunzitsi ena atatu anandifunsa njira yopitira pakhonde paja.

Atelalawo kompyuta analibe, ndipo sanaigulepo. Choncho ndinawasindikizira miyezo yonse pa pepala lalitali lija la mabowo m'mbali, ndikumvetsera pulinta ikulira ngati nyenje, n'kukawapatsa nditalipinda bwino mu envelopu. Analandira ndi manja awiri, n'kundidalitsa.

Patapita mwezi ndinadutsirako. Ndinawapeza ataweramira nsalu yoyera, akujambula kolala ya shati motsatira chikombole cha pepala. Nditayang'anitsitsa ndinaona mabowo m'mbali mwake, ndi manambala anga odulidwa pakati.

"Bambo, si pepala langa ilo?"

"Ndi lomwelo," anatero osadzutsa mutu. "Ndi lolimba bwino, siling'ambika msanga ngati nyuzi. Ukakapitanso kusukuluko, mwanangu, ukandibweretsereko lina."