Munkatidikira Panja pa Tchalitchi

A Chisale, chimwalirireni inu sindinachitepo manyazi ngati lero. Bungwe lija munatiyambitsira ife osamalira okalamba latha. Kumsonkhano wolitsekera tabwera ochepa. Ena akuti ali pa shifiti, ena sanayankhe ndi foni yomwe.

Ndikukuonanibe m'zaka za m'ma 1990, Lamulungu lililonse mutaima panja pa tchalitchi chathu ku Upper Marlboro, kuno kutsidya kwa nyanja, chipale chofewa cha sinowo chili m'mapewa. Munali wachikomyunizimu wosabisa. Ku Malawi anakutsekeranipo chifukwa chotsogolera sitalaka ya apanjanji, ndipo m'tchalitchi simunkalowa. Koma n'kokhako kumene mukanatipeza tonse pamodzi, ndiye munkadikira. Tsiku lina abusa anatuluka n'kunena kuti, "Bambo, lowani, mufa nako kuziziraku." Munaseka. "Abusa, inu alonjezeni mpumulo wakumwamba. Ine ndikungofuna amayiwa azipuma tsiku limodzi pasabata misana isanathyoke." Tsiku lopumalo tinalipezadi, mpaka pano Lachinayi ndimakhala kunyumba chifukwa cha inu.

Lero muholo munali mofunda bwino, khofi alipo. Msonkhano usanayambe ndachotsa chithunzi chanu pakhoma n'kuchitembenuza, kuti musaone mipando yopanda anthu.