Tsiku Limene Ndinakwirira Loch Dubh

Koleji ndinaithawa, koma jogalafe ndinaphunzitsapo kamodzi. Fungo la phala la otsi landikumbutsa m'mawa uno.

Holide ina Amayi ananditenga kuntchito ku Woolwich, kumene ankasamalira agogo ena aamuna a ku Scotland. Maso anali atafa, koma kwawo ankakutchulabe m'chinenero chawo cha Chigeliki: Beinn Ruadh, phiri lofiira, Loch Dubh, nyanja yakuda, kumene ankalakalaka kukafera.

Agogowo anandipatsa mapu omata phala. "Mwanawe, Loch Dubh ilipobe?"

Ndinaiona bwinobwino pamapupo. Ndinakhosomola ngati wowerenga nkhani pa wailesi.

"Anaikwirira. Pano amaimikapo magalimoto."

Supuni ya agogo inagwa. Amayi anatulukira kuchokera kukhitchini.

"Iwe! Wawatani agogowa?"

Ndinapinda mapuwo mwaulemu. Agogo aja ankangobwereza dzinalo chapansipansi, ngati akuitana galu wosochera.