Mapazi a azakhali kuchoka pachitsime

Mumsewu wathu azakhali anga ankadziwika kuti Amake Mbuzi. Anali aafupi msinkhu, koma mawu awo ankafika mpaka ku chigayo. Mbuzi zawo zisanu ndi ziwiri zinkagona m'khola la m'mwamba, la matabwa, kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse ankakokolola ndowe pansi pake, n'kuwazapo phulusa. Mpaka lero fungo la phulusa lonyowa limandikumbutsa iwo.

Lamulo la khonsolo linkati khola litalikirane ndi chitsime mamita makumi atatu. Azakhali ankalidziwa bwino. Pomanga kholalo anayenda okha kuchoka pachitsime, nawerenga mapazi makumi atatu, nakhoma chikhomo.

Chaka chimene ndinayamba kugulitsa nsalu, kunabwera bambo a zaumoyo, aatali ngati nsungwi. Nawonso anayenda kuchoka pachitsime.

"Mayi, ine ndapeza khumi ndi asanu ndi atatu."

"Ndi miyendo yanuyo? Mukadumpha mupeza anayi!"

Bambowo anaseka, koma analemba pepala: pakatha masiku asanu ndi awiri khola lisunthe, apo ayi mbuzi zichoke.

Madzulo ndinatenga tepi yanga yoyezera nsalu, ya mita ndi theka. Ndinaigoneka pansi kakhumi ndi kawiri, n'kugunda khola. Bambo aja sanalakwitse.

"Iwe ndinakubereka kumsana ine," anatero azakhali, "lero ukuyeza mokomera mlendo?"

Ndinayezanso chakutsogolo kuchoka pakhola. Mpanda wathu unkathera pa mamita asanu, pomwe ankafunika khumi ndi awiri. Kuseri kwa mpandawo kunali munda wa akalipentala, amene mbewu zawo zinkadyedwa ndi mbuzi zomwezo chaka ndi chaka. Iwo ndi azakhali sankapatsana ndi moni yemwe.

Panapita masiku anayi. Lachisanu ndinaona azakhali atavala mpango wa kutchalitchi, akuzungulira mpanda. Akalipentala anaimitsa kupala thabwa, n'kumvetsera mpaka mapeto pempho lawo loti khola lisunthire m'mundamo.

"Achemwali, mbuzi zanu zimaudziwa munda wanga kuposa ine. Zibwere. Koma ndowe zonse n'zanga, ndipo chitseko cha khola ndikhoma ndekha, osati kachingwe kanu kaja."

Loweruka amuna asanu ndi atatu anazula mizati n'kunyamula khola lonse pamapewa, azakhali ali patsogolo kukalipira aliyense.

Bambo a zaumoyo atabweranso anawerenga makumi atatu ndi limodzi. Azakhali anawatsata pambuyo ndi timapazi tawo, napeza makumi asanu ndi awiri.

"Onani ulendo mwandipatsa pa ukalamba wanga!"

Anauyendabe ulendowo m'mawa uliwonse, phulusa lili m'chidebe, mpaka chaka chatha pomwe anatisiya. Mbuzi zilipo khumi ndi imodzi tsopano, ndipo chitseko amatsegula ndi akalipentala.