Beseni la Amayi ndi Sitima Yachitsulo

Dzulo ndinagula mchere wokulunga m'pepala, ndipo fungo la pepalalo linandikumbutsa sitolo ya a Saidi pa Linthipe.

A Saidi ankakulunga mchere m'masamba a magazini yakale ya sitima zapamadzi, imene bambo awo anabwera nayo kuchokera ku doko la Beira. Zipani zinali zitangochuluka kumene, ndipo mikangano inali paliponse, ngakhale kwathu. Tsamba lina limene ndinafika nalo kunyumba linali ndi chithunzi cha amuna akumanga sitima yachitsulo yoposa tchalitchi chathu kutalika.

"Bodza limenelo," anatero achimwene anga. "Chitsulo chimamira. Ponya khasu m'madzi uone."

Ndinabwerera kusitoloko wapansi. "A Saidi, mundigaireko masamba enawo."

"Mtsikana iwe, ukufuna mchere kapena mapepala?" Anaseka, koma anandipatsa asanu. Chingerezi sindinkachidziwa, choncho mizere ya pamapulani a sitima ojambulidwa m'masambamo ndinkaiyesa zingwe zogwira sitima kuti isamire.

Loweruka ndinatenga beseni lachitsulo la amayi, ndinalimanga ndi luzi, ndipo ndinapita nalo kumtsinje achimwene ali pambuyo. Ndinaikamo khasu lenilenilo. Beseni linayandama.

"Ukuligwira ndi luzi," anatero iwo.

Ndinataya luzilo. Beseni linazungulira kawiri, madzi n'kulitenga, khasu lili momwemo, mpaka linabisika kuseri kwa mabango.

Amayi anandikwapula, ine ndikulira ndikubwereza kuti, "Koma silinamire!"

Ndinazindikira nditakula kuti khasu lija linali lokhalo pakhomo pathu, ndipo mvula inali pafupi.