Tsiku Limene Boma Linagwada Pabwalo la Azakhali

Azakhali anga anakwatiwa ndi Mtaliyana. Kukomboni ya Mtendere aliyense ankadziwa zimenezi, moti mlendo akasochera ankangofunsa nyumba ya mzungu wa matailosi, ndipo ngakhale kondakitala wa minibasi ankamulozera. Ine ndinabwera kudzakhala nawo nditamaliza sukulu ku Chipata, kenaka ndinayamba kuluka anthu tsitsi pakhonde lawo. Amuna awowo ndinkawatchula kuti ba ankolo, monga ankachitira onse a mumzere wathu.

Ba ankolo anali atakalamba kale, msana utapindika chifukwa chogwada zaka zambiri poyala matailosi m'nyumba za anthu. Ankalankhula Chinyanja cha m'komboni, chothamanga, manja akuthandizira. Ku Italy sanakhaleko. Makolo awo ndiwo anachoka kumeneko kukafuna ntchito kudziko lozizira la kumpoto kwa Amereka, ndipo iwo anabadwira komweko. Kuno anabwera ali mnyamata ndi kampani yomanga nyumba. Kampaniyo itabwerera kwawo, iwo anatsala chifukwa cha azakhali.

Za ubwana wawo sankazikamba. Ndinazimva kwa azakhali tsiku lina tikuchapa. Pa nkhondo yaikulu yachiwiri ija, Italy inali mdani wa dziko limene banjalo linkakhala. Apolisi anafika pashopu ya bambo awo, amene ankasoka nsapato, n'kuwatenga bambowo, ba ankolo akuona, ali ndi zaka zisanu. Panalibe mlandu, ngakhale kukhoti sanawapititse. Anawatsekera kukampu ya m'nkhalango kwa nthawi yoposa chaka. Anthu anasiya kubweretsa nsapato, ndipo ana anzawo ankawatcha ba ankolo mwana wa kazitape. Bambowo atamasulidwa anabwerako ali munthu wachete, ndipo analetsa ana awo kulankhula Chitaliyana kunja kwa nyumba.

M'chaka china cha mliri uja, tonse tikuyenda ndi timasiki, mlongo wa ba ankolo, amene anatsala kunjako, anaimba pafoni yanga. Anati mawa lake mtsogoleri wa dzikolo adzaima m'nyumba ya malamulo kupepesa mabanja a Ataliyana onse amene anatsekeredwa, ndipo anthu atha kuonera pafoni. Ba ankolo anamvetsera, n'kundibwezera foni. Anati mawu a andale ndi mphepo chabe, ndipo anapita kukathirira matimati awo kuseri kwa nyumba.

Koma kutacha ndinawapeza akupukuta nsapato. Pofika masana anali atavala jekete ya ukwati, imene inali itawakulira, atakhala pampando pakhonde ngati munthu wodikira basi ya kumudzi. Mwambo unkayamba cha m'ma foloko koloko kwathu kuno. Ndinagula bandulo yaikulu ya intaneti, ndinatsamiritsa foni pabotolo la mafuta a tsitsi, ndipo mayi amene ndinkamuluka anakana kupita ngakhale mutu wake unali wolukidwa mbali imodzi.

Anabweranso aneba athu a kuseri kwa mpanda, Mbemba wa ku Kasama, amene anapuma pantchito ya umesenjala kumaofesi a boma. Iwo ndi ba ankolo ankasewera nsolo masiku onse ndipo ankanamizirana kuba. Anakhala pachidebe, chipewa pabondo.

Netiweki inkaduladula. Chithunzi chikaima, mtsogoleri uja ali kukamwa yasa, azakhali ankaimenya foni ndi chala ngati akudzutsa mwana. Ine ndinkawamasulira zimene ndinkamva. Mwachidule munthuyo ananena kuti boma linalakwa, kuti amene anatengedwa sanazengedwe mlandu, kuti ana awo anasenza manyazi osakhala awo, ndipo anapepesa.

Ba ankolo anavula chipewa. Anatchula dzina la bambo awo kawiri, motsitsa, kenaka anatembenukira kwa ife.

"Mwamvela imwe bonse?" anatero. "Ba tate sibanali kazitape. Banali munthu wa nsapato chabe."

Mayi wa tsitsi uja anayamba kupukuta maso ndi chitenje. Ndiye azakhali, amene anali akuyang'anabe foni, anandifunsa ngati zathera pomwepo. Nditavomera, anaomba m'manja kamodzi.

"Manje nkhuku ili kuti?"

Anafotokoza mwaukali ndithu kuti kwathu munthu akakulakwira chotere sabwera ndi pakamwa pokha. Amanyamula nkhuku, amafika pakhomo, amagwada, ndipo wolakwiridwayo amayankhula zakukhosi mpaka zithe. Anati boma lalikulu chonchija, lokhala ndi ndege, lalephera bwanji tambala mmodzi. Tinaseka tonse, ngakhale ba ankolo anagwedeza mapewa. Aneba aja okha sanaseke. Anadzuka n'kutuluka pageti osatsanzika, ndipo tinaganiza kuti mwina azakhali awakhumudwitsa, poti iwo ankalemekeza boma kwambiri.

Patapita kanthawi geti inalira. Aneba aja analowa atavala yunifomu yawo yakale ya kaki, mabatani osakumana pamimba, m'khwapa muli tambala woyera wa m'khola mwawo. Anaima patsogolo pa ba ankolo n'kunena kuti ananyamula makalata a boma moyo wawo wonse, ndipo akudziwa kuti maboma onse ndi pachibale, choncho mnzake akachedwa panjira iwo atha kumuimirira. Atatero anagwira mzati wa khonde, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka mawondo onse awiri anafika pasimenti.

"Ba neba," anatero, akupereka tambala uja ndi manja awiri, "tinalakwa. Tinatenga ba tate banu popanda mlandu. Mutikhululukire."

Ba ankolo anayamba ndi kuseka, mpaka kutsokomola. Kenaka kusekako kunasanduka kulira, kulira kwa mwana. Anafuna kulandira nkhuku, koma azakhali anawagwira dzanja, amvekere boma lisadzuke msanga, limve kaye. Ndipo azakhali analiuza. Analiuza za mayi a ba ankolo amene ankasoka madiresi a anthu kuti ana adye, za mwana amene ankazembera njira ya kusukulu poopa miyala, za mwamuna wawo amene mpaka ukalamba akaona galimoto ya apolisi amalowa m'nyumba. Zina mwa izo ine ndinali ndisanazimvepo. Aneba ankangoti, "Ni zoona, mayo," mutu uli pansi, tambala akuphupha.

Azakhali atatopa, ba ankolo anatsika pampando nawonso n'kugwada, analandira tambala, ndipo nkhalamba ziwirizo zinakumbatirana nkhuku ili pakati. Vuto linali podzuka. Panalibe amene anatha. Ine ndi mayi wa tsitsi tinawakoka mmodzimmodzi, iwo akukangana kuti ndani wayamba kulemera.

Mawa lake sindinaluke munthu. Ba ankolo anandituma kumsika wa Mtendere kukagula fulawa ndi mazira, ndipo anakanda okha patebulo la pakhonde, n'kumafutukula ndi botolo, kudula timizere titalitali monga ankachitira mayi awo. Tambala analowa mumphika pamodzi ndi matimati a kuseri, pambaula ziwiri. Pokanda paja anandiuza kuti chimene chikuwawawa n'chakuti bambo ndi mayi awo anapita osamva mawu amenewa. Kenaka anati mawuwo achedwa, koma afika. Atatero anayamba kuimba nyimbo ya Chitaliyana mokweza, geti ili chitsegulire, mpaka azimayi a pampopi anasiya zidebe kudzasuzumira.

Anthu anabwera ndi mbale zawo, timasiki tili pachibwano. Akazi a aneba anabweretsa chikanda, amvekere chakudya cha azungu sichikhala m'mimba. Ena ankadya timizere tija ndi manja, tikuwathawa m'zala, msuzi ukudontha m'zigongono. Tinamuimbira mlongo wa ba ankolo uja pavidiyo, kwawo kukungocha kumene, ndipo ba ankolo anamuonetsa mwendo wa nkhuku ndi munthu wa yunifomu, n'kumufotokozera zonse m'chinenero chawo. Gogoyo anaseka mpaka magalasi anagwa, ndipo anapempha kuti aneba ayandikire pafoni awathokoze yekha. Aneba anaimirira mowongoka n'kuchita sailuti.

Chimene sanachiganizire aneba athu n'chakuti dzinalo liwakakamira. Sabata isanathe mzere wonse unkawatchula kuti ba Boma. Madzi akasiya kutuluka pampopi, azimayi ankagogoda pageti pawo kufunsa kuti abwera liti. Mvula itakumba msewu wathu, oyendetsa mataxi ankaima n'kuwakuwira kuti akonze. Iwo ankatuluka, kumvetsera mwaulemu manja ali kumbuyo, n'kuyankha kuti nkhaniyo ikuunikidwa, kenaka ankapita kwa ba ankolo kukasewera nsolo.