Mapiritsi Odulidwa Pakati

Ndinadzuka kusanache, ngakhale sindinganene kuti ndinagona. Panja abambo anali atazungulira moto wa zidutswa za matabwa. M'nyumba amayi a mpingo ankaimbabe pafupi ndi bokosi la mkazi wanga, mawu atasasa. Mphepo ya Ogasiti kuno ku Hopley siilemekeza maliro. Fumbi linkagwera m'miphika ya kabichi, ophika akungophimba ndi malata.

Amayi aja anandituma kukatenga mpango woyera wa kumpingo wa malemuyo kuti auyale pabokosi. Pansi pa sutikesi ndinapeza kachitini ka mapiritsi ake a BP, aja ankalandira mwezi ndi mwezi kukiliniki, pa gulu la amayi oyezetsa BP ndi shuga. Onse anali odulidwa pakati ndi mpeni.

Mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, anandipeza nditakagwira m'manja. Anagwada.

"Bambo, theka linalo ndinkamwa ndine. Mutu unkandivuta. Amayi anati tizigawana."

"Bwanji sunapite kukayezetsa wekha?"

"Ndilibe chitupa. Ndinkaopa."

Anabadwira pafamu, ndipo sitinamulembetse kuboma. Amene ankangoti tidzapita mawa ndinali ine.

Dzuwa litakwera, anthu anadzaza mpaka mumsewu. Anzanga akale a kumafakitale ku Willowvale anatsika m'makombi. Ogulitsa tomato anandigwira dzanja akupepesa m'Chishona, okalamba a pafamu m'Chichewa. Pakati pawo panali mayi wa zaumoyo amene ankamuyendera malemuyo. Ndinamuitanira kuseri ndi kumuonetsa kachitini. Anatsegula ndi kuyang'ana mapiritsiwo. Kenaka anati theka silimugwira munthu, ndipo gulu lawo silifunsa chitupa, ungofika ndi mkono wako. Anayamba kulira. Sindinamuimbe mlandu. Sindinadziwe woti ndimuimbe.

Tinanyamuka masana, bokosi pa lole, amayi akuimba pambuyo, fumbi lili m'kamwa. Kumanda, pamene ndinkaponya dothi, maso anga sanali m'dzenje. Anali pa mwana wanga, atagwira pakhosi kumbuyo monga ankagwirira amayi ake sabata yomaliza ija. Abusa anati tipemphere. Ndinatseka maso, mawu osabwera.

Madzulo mabenchi obwereka anabwezedwa, phulusa linazizira, abale anapita kukagona kwa aneba. Tinatsala awiri.

"Bambo, kachitini kaja muli nako? Mutu wayambanso."

Kanali m'thumba la jekete langa. Sindinakatulutse.

"Mawa m'bandakucha tipita kukiliniki, ine ndi iwe."

"Nanga tomato wanga? Masiku atatu tsopano. Awola."

"Awole."

Analowa kuchipinda osatseka katani. Ndinakokera mpando pachitseko chotulukira, ndinakhala pomwepo nditavala nsapato, kuti akati azembere kumsika m'mawa ayambe wandidzutsa.